Eveles, Mpheta ndi Funso la Nambala 9

MUTU 4

1. Chilengezo

Pa Boma la Phalombe, kuseri kwa msika, panali kashopu kopaka utoto wobiriwira. Pamwamba pa chitseko panalembedwa kuti: "Kaliati ndi Msuweni Wake. Timakonza Mafoni, Mawailesi ndi Masola."

Kaliatiyo anali Eveles, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri amene anaphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja. Msuweniyo anali Shadrick. Ntchito yake yaikulu inali kulandira makasitomala ndi kuwauza kuti abwere mawa.

Lolemba lina, kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi, Shadrick analowa m'shopumo akuthamanga, foni ili m'mwamba.

"Eve, siya wailesiyo! Talemera!"

"Talemera nthawi yanji? M'mawa womwe uno wadya mandasi anga."

"Tawerenga apa."

Chinali chilengezo chochokera ku nthambi ina ya boma yoona za kafukufuku. Nthambiyo inkaitana mabizinesi ang'onoang'ono a luso lamakono kuti apemphe ndalama zochitira kafukufuku. Ofuna anayenera kudzaza fomu ya masamba khumi ndi awiri, ndi kuitumiza pa intaneti isanakwane 4 koloko madzulo a Lachisanu.

Eveles anawerenga kawiri. Kenako anayang'ana pakona pamene panali makina ake.

Makinawo anawapanga yekha. Inali ndowa yakale ya pulasitiki. M'kati mwake munali batire ndi sipika, pamwamba panali kasola, kutsogolo kunali kadiso kozindikira chinthu chikayenda. Mbalame zikatera m'munda wa mpunga, kadisoko kankadzutsa sipika, ndipo sipikayo inkakalipa.

Mawu okalipawo anali a mayi Aliness a ku Jenala, azakhali ake a Eveles, amayi ake a Shadrick. Mayiwa akakalipa m'Chilomwe, agalu a mudzi wachitatu ankabisala kuseri kwa nkhokwe.

Eveles sanapange makinawo mosewera. Mpunga ukamacha, ana ambiri a ku Jenala sapita kusukulu. Amakhala m'munda tsiku lonse akuingitsa mpheta. Iye mwini anabwereza Sitandade 6 chifukwa cha mpheta zomwezo.

"Tidzaza fomuyi," anatero.

2. Alimi angati?

Masamba oyamba sanavute. Dzina la bizinesi analemba. Satifiketi yolembetsera bizinesi anali nayo, ngakhale Shadrick anali ataikapo kapu ya tiyi n'kusiya chizindikiro chozungulira pa dzina lake lomwe.

Lachiwiri anafika pa funso la nambala 9. Funsolo linali lakuti: "Kodi chipangizo chanu mwachiyesa kwa alimi angati? Fotokozani zotsatira zake."

Eveles analemba pa laputopu kuti: "Atatu."

"Atatu?" anafuula Shadrick. "Ukufuna anthu a ku Lilongwe atiseke?"

"Nanga si atatu? Amayi ako, a Laston ndi a Julius."

"Ndiye zotsatira ulemba zotani?"

Zotsatirazo onse awiri ankazidziwa bwino.

M'munda wa mayi Aliness makina anagwira ntchito masiku anayi. Mpheta zinkathawa ngati zaona moto. Tsiku lachisanu zinayamba kubwerera. Tsiku lachisanu ndi chiwiri zinapezeka zitatera pa ndowa pomwepo, zikumvetsera. Mayi Aliness anati mpheta za ku Jenala zaphunzira Chilomwe.

M'munda wa a Laston mbuzi inatafuna mawaya tsiku loyamba lomwelo.

Zoopsa zinachitika kwa a Julius. Shadrick anasokoneza makadi osungira mawu, n'kuika m'makinamo kadi ya kasitomala wina wa kwaya. M'mamawa mpheta zitatera, ndowa inayamba kuimba nyimbo za maliro mokweza. Pasanathe ola, amayi a m'mudzimo anafika kwa a Julius atasenza nkhuni ndi ufa, ena akulira kale. Anapeza a Julius ali pakhonde akutsuka mano.

"Zimenezo sitingalembe," anatero Shadrick. "Dikira pompo. Ndikudziwa munthu."

3. Katswiri

Munthuyo anali a Walter. Ankavala suti ya bulauni ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ankayenda ndi chikwama chokhala ndi loko. Ofesi yawo inali benchi ya pansi pa mtengo, pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ankadzitcha katswiri wolemba makalata opempha thandizo.

A Walter anazungulira ndowa ija kawiri, manja ali kumbuyo.

"Achemwali, choyamba mawu akuti ndowa asaoneke paliponse. Boma silipereka ndalama ku ndowa."

Anatulutsa cholembera n'kupatsa makinawo dzina lachingerezi lalitali, moti Shadrick anapuma kawiri asanamalize kulitchula.

"Chachiwiri, funso la nambala 9. Lembani kuti alimi 350, m'maboma atatu. Mpheta zinachepa ndi 98 peresenti."

"Anaziwerenga ndani mphetazo?" anafunsa Eveles.

"Nanga adzaziwerengenso ndani? Mpheta zili ndi ziphaso? Achemwali, ine ntchito iyi ndaigwira zaka khumi ndi zisanu. Mabwana aja sawerenga mafomu. Amangoyang'ana manambala. Nambala ikakhala yonenepa, amasaina."

"Nanga akafuna zithunzi?"

"Zosavuta. Lachisanu kuli msika. Tiimika anthu makumi atatu kumbuyo kwa ndowa, pepani, kumbuyo kwa chipangizochi. Kenako asinthana zipewa, tijambulanso. Amenewo ndi alimi makumi asanu ndi limodzi."

Shadrick anaomba m'manja. A Walter ananena kuti iwo safuna kanthu panopa. Ndalama zikadzabwera adzangotengako gawo limodzi mwa magawo khumi.

Lachitatu madzulo anabweretsa mapepala atalembedwa kale. Anali okongola. Munali mizere yokwera ndi yotsika, ndi chithunzi cha mpheta itadulidwa ndi mtanda wofiira. Eveles atawerenga, anayamba kusirira yekha makina ofotokozedwawo.

"Tangoganiza, Eve," anatero Shadrick. "Ndalamazo zikabwera upanga makina enieni. Ana apita kusukulu. Bodza la tsiku limodzi lokha, kenako zonse zikhala zoona."

Eveles anapinda mapepalawo n'kuwaika m'chikwama.

Panatsala chinthu chimodzi. Tsamba lomaliza linkafuna saini ya munthu wamkulu wodziwa bizinesiyo, wochitira umboni kuti zolembedwazo n'zoona. Eveles anaganiza za amalume ake, a Wilson, amene anagwira ntchito ya ukalaliki m'maofesi a boma zaka makumi atatu asanapume.

4. Mbuzi makumi anayi

Lachinayi m'mawa Eveles anakwera kabaza kupita kwa Kaduya. Anapeza amalume ake akukonza mpanda wa dimba. Atapatsana moni, anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Wilson anatuma munthu kukatenga magalasi awo.

Anawerenga tsamba lililonse, chala chikuyenda pansi pa mizere. Atafika pa funso la nambala 9 anachotsa magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Alimi 350. Iwe Eveles, ndowa ija inaswana?"

"Ayi, amalume."

"Maboma atatuwa ndi ati? Ine ndimadziwa Jenala. Kapena Jenala anamugawa patatu ine ndili kudimba?"

Eveles anayang'ana pansi. A Wilson anaika mapepalawo pamwendo.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ndikuuza zimene ndinaona ndi maso angawa. Ndili kalaliki wachinyamata, kunabwera thandizo la makalabu oweta mbuzi. Kalabu ina ya kwathu konkuno inalemba kuti ili ndi mbuzi makumi anayi. Zenizeni zinali zisanu ndi imodzi, ndipo imodzi inali yotsimphina. Wapampando anali mnzanga. Anandiuza kuti, 'Wilson, ingosaina, mabwana sabwera kuno, msewu ndi woipa.' Ine ndinasaina.

"Mabwana anabwera. Anatumiza uthenga kuti afika Lachitatu. Lachiwiri lonse wapampando anayenda khomo ndi khomo kubwereka mbuzi. Anazitsekera m'khola limodzi, mbuzi zosadziwana, atonde anayi m'khola limodzi. Alendo atafika tinawaimbira nyimbo. Wapampando anayamba kulankhula. Ali pakati pofotokoza mmene kalabu imakondera ziweto zake, kunatulukira mayi wina ali ndi chingwe m'manja. Anagwada mwaulemu n'kunena kuti, 'Pepani mabwana, ngati mwamaliza kuiona mbuzi yanga ndiitenge, yasiya kamwana kunyumba.'

"Wapampando anati mayiyo ndi wodwala mutu. Nthawi yomweyo dalaivala wa alendo anatsamira hutala ya galimoto mwangozi. Atonde aja anathyola khola. Mbuzi iliyonse inalunjika kwawo. Ina kum'mawa, ina kumadzulo, ina inadutsa pakati pa miyendo ya bwana wamkulu. M'kholamo munatsala mbuzi imodzi, yotsimphina ija, ikutiyang'ana."

Eveles anaseka mpaka misozi. A Wilson sanaseke.

"Seka, nanenso lero ndimaseka. Koma tamva mapeto ake. Dera lathu lonse analichotsa pa mndandanda zaka zisanu ndi ziwiri. Makalabu oona mtima, a amayi amasiye amene analemba mbuzi zawo zitatu mosanama, nawonso anamanidwa chifukwa cha ife. Ine ananditumiza ku ofesi ya kutali kumene basi inkafika kamodzi pa sabata, ndipo sindinakwezedwe pantchito zaka khumi. Amayi ako akudziwa. Saini ndi kanthu kakang'ono, koma imakhala m'faelo iwe utaiwala. Tsiku limene adzatsegule faeloyo, wokulembera mapepalayu sadzakhalapo. Dzina lake silili pa tsamba lililonse. Ndayang'ana. Pali dzina lako, ndipo ukufuna pakhalenso langa.

"Ndiye ndikufunse. Pamwamba pa fomuyi alemba kuti ndalama za chiyani?"

"Za kafukufuku."

"Kafukufuku n'chiyani?"

"Kufufuza chinthu chimene sukuchidziwa."

"Eya. Tsono pepala ili likuti mpheta zonse zinathawa kale, alimi akusangalala, palibe vuto. Ukupempha ndalama zofufuzira chiyani? Munthu amene akudziwa zonse safuna kafukufuku, amafuna sitolo. Iwe uli ndi funso lenileni. N'chifukwa chiyani mpheta zinathawa masiku anayi, tsiku lachisanu n'kubwerera? Ine funso limenelo sindikudziwa yankho lake. Azakhali ako sakudziwa. Mwina ngakhale mabwanawo sakudziwa. Ukubisa chinthu chokhacho chimene uli nacho chamtengo, n'kuonetsa zinthu zobwereka.

"Izi sindisaina. Ukalemba zoona, ubwere nazo. Ndidzasaina ndi cholembera changa chabwino chija."

5. Lachisanu

Eveles anabwerera pa Boma masana. Anatsegula laputopu, nafufuta zonse za a Walter, n'kuyambanso.

Pa funso la nambala 9 analemba kuti: "Alimi atatu." Anafotokoza za masiku anayi aja ndi kubwerera kwa mpheta. Anafotokoza za mbuzi ndi mawaya. Anafotokozanso za nyimbo za maliro, osasiyako ngakhale nkhuni ndi ufa. Kenako analemba zimene ankafuna kufufuza: ngati mpheta zingazolowerenso mawu akamasinthasintha, mawu ake ati, ndipo pakhale nthawi yotalika bwanji pakati pake. Anapempha zopangira makina khumi oti ayesedwe m'minda khumi, nyengo ziwiri za mpunga.

Mawu akuti ndowa anawabwezera pamalo pake.

Shadrick atawerenga anagwira mutu.

"Walemba za maliro? Eve, wandilemba dzina kuti ndine ndinasokoneza makadi!"

"Ndalemba kuti wothandizana naye."

"Pachitseko palembedwa kuti msuweni! Dziko lonse lidziwa!"

"Tikanatumiza bodza lija, dziko likanakudziwa bwino kuposa pamenepa."

Lachisanu m'mawa a Walter anafika ndi anthu asanu ndi atatu ovala zipewa, okonzeka kujambulidwa. Eveles anawabwezera mapepala awo ndi manja awiri.

"Zikomo bambo, koma nditumiza zanga."

A Walter anawerenga tsamba limodzi la Eveles, nayang'ana kumwamba.

"Zaka khumi ndi zisanu, sindinaonepo munthu akudzinenera yekha kuboma. Achemwali, mudzandifuna."

"Pa zaka khumi ndi zisanuzo, ndi angati analandira thandizo?" anafunsa Eveles.

A Walter anati nkhani za makasitomala awo ndi zachinsinsi. Anatseka chikwama n'kumapita. Anthu a zipewa aja anawatsatira, akufunsa za zakumwa zimene anawalonjeza.

Eveles anathamangiranso kwa Kaduya. A Wilson anawerenga zonse, anaseka pa nkhani ya a Julius, nasaina. Koma pobwerera tcheni cha kabaza chinaduka, ndipo Eveles anayenda wapansi mtunda wotsalawo. Anafika pashopu nthawi itadutsa 3 koloko, fumbi lili mpaka m'maondo.

Magetsi anali atazima. Laputopu inali itatsala pang'ono kuzima nayonso.

Eveles anatsegula ndowa ija, nachotsa batire, nalumikiza laputopu. Anajambula tsamba la saini ndi foni. Laputopu inkalandira intaneti kudzera pa foni yomweyo, koma atayamba kutumiza, netiweki inathawa.

"Shadrick, kwera padenga ndi foniyi."

"Ine? Fomu yondinyoza yomweyi?"

"Kwera!"

Shadrick anakwera. Anaima pamalata, dzanja lili m'mwamba, akutembenuka pang'onopang'ono monga Eveles ankamuuzira kuchokera pawindo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kumaonerera. Wina anafunsa ngati mnyamatayo wayamba kulalikira.

"Kumanzere! Ima pomwepo! Usapume!"

Mzere wobiriwira pa laputopu unayenda, unaima, unayendanso. Itatsala mphindi zinayi kuti ikwane 4 koloko, panatuluka mawu akuti fomu yalandiridwa.

Eveles anakhala pansi. Anaiwala kuuza Shadrick kuti atsike, mpaka iye anafunsa yekha.

6. Foni yochokera ku Lilongwe

Panapita masabata awiri. Shadrick ankati fomuyo anaitaya kalekale, ndipo tsiku lililonse ankakumbutsa Eveles za alimi 350 amene anawakana.

Lachiwiri masana, Eveles akuchokera kokaika sola pa nyumba ya mphunzitsi wina, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo.

"Ndikulankhula ndi a Eveles Kaliati? Ine ndine mayi Chikondwero, ku nthambi ya kafukufuku."

Eveles anaima pakhomo la shopu. "Ndine, mayi."

"Choyamba, a Julius ali bwanji?"

"Ali moyo, mayi."

Mayiwo anaseka kwambiri. "Fomu yanu tinaiwerenga mokweza mu ofesi muno. Koma tamverani. Tinalandira mafomu ambiri, ndipo pafupifupi onse akuti zipangizo zawo zilibe vuto lililonse. Inu mwatiuza pamene chanu chikulephera, ndi chimene mukufuna kudziwa. Mwalowa m'gulu la anthu khumi omaliza. Sindikulonjeza kanthu. Tisanasankhe, tikufuna kuona ndi maso. Tifika ku Jenala mkuja, Lachinayi, 9 koloko m'mawa. Tikapeze ndowayo ili m'munda, ikukalipa."

"Muipeza, mayi. Zikomo kwambiri!"

Eveles analowa m'shopu akudumpha. "Shadrick! Akubwera mkuja! Tenga ndowa tiyese batire!"

Shadrick sanadzuke pampando. Eveles anayang'ana pakona. Panali tsache lokha.

"Ndowa ili kuti?"

"Eve, khala pansi kaye."

"Ndowa ili kuti, Shadrick?"

"Ndimaganiza kuti za fomu zija zinatha. Ndiye dzulo kunabwera a Redson, aja amagulitsa mankhwala a makoswe panjinga. Mawu awo anasasa. Ndinawajambulira mawu otsatsa malonda, ndinaika m'ndowa, n'kuwabwereka. Munthu akangodutsa kutsogolo, ndowa ikumafuula yokha kuti, 'Makoswe atha!' Anasangalala kwambiri, Eve. Makina ako amagwira ntchito."

"Apita nayo kuti?"

"M'misika."

"Misika iti?"

Shadrick analoza kum'mawa. "Ya ku Mozambiki. Anati abwera katundu akatha."

Eveles anatseka maso, napuma kawiri. "Aimbire foni. Pompano."

Shadrick anaimba. Anaika foni kukhutu. Kenako m'kabati ya mafoni odikira kukonzedwa, kumbuyo kwa Eveles, foni ina inayamba kulira.

"Anaisiya kuti tiikonze," anatero Shadrick motsitsa mawu. "Ndinawauza kuti abwere sabata yamawa."

Eveles anatenga loko wa shopu ndi dzanja limodzi, ndi kolala ya Shadrick ndi dzanja linalo. Ali pakhomo anakuwira akabaza awiri amene anaima pansi pa mtengo.

"Achimwene! Njira yachidule yopita kumalire mukuidziwa?"